Chikole chimene sindinafunse

Amayi ndi abambo, ndakupatsani moni nonse. Amene muli kumbuyoko musavutike n'kusendera, mawu ndili nawo, ndakalambira pamsika ndikuitanira mbatata. Ndine Nangondo, kwathu ndi ku Ntcheu cha ku Tsangano, koma ku Kawale ankandidziwa kuti amake Yankho. Atsogoleri a gulu lino andipempha kuti ndilankhule za mowa, poti ambirife ndi umene watisonkhanitsa muno. Ndilankhula ndithu. Koma ine mowa unandipeza nditagwa kale. Chinandigwetsa ndi nyumba ya lendi, manyazi anga, ndi kabodza kamodzi kamene ena muno munawauzapo alandilodi anu. Ndikuona ena mwayamba kale kuyang'ana pansi.

Ndinkakhala ku Kawale pa poloti ya abambo Mbewe. Iwo nyumba yaikulu kutsogolo, ine yaing'ono kumbuyo, zipinda ziwiri ndi pabalaza. Mpope umodzi, chimbudzi chimodzi, mpanda wa matabwa kuzungulira. Mwana ndinali naye mmodzi, mtsikana, Yankho, atangoyamba kumene sekondale. Bambo ake anapita ku Joni iye ali kumsana, ndipo mpaka lero akadali m'njira yobwerera. Ine ndinkadzitama ndi chinthu chimodzi chokha: mwana wanga amagona m'chipinda chakechake, ali ndi tebulo lowerengera, ndipo palibe wachibale amene angaime n'kunena kuti ndikukulelerani. Kudzuka konse kwa m'mamawa, kukangana konse ndi a minibasi pa mtengo wa thumba, kunali kwa chimenecho.

Chaka chilichonse sukulu zikatsekera holide yaitali ndinkapita naye kumudzi kukakumba mbatata ya kachewere kudimba ndi kukapikula ina kwa anthu. Ndinkakhalako miyezi iwiri, nyumba ili yotseka, lendi ndikulipira. Zinkandiwawa kulipirira makoswe. Ndiye chaka chimenecho mnzanga wogulitsa anyezi pafupi ndi benchi langa anandiuza kuti pali bambo wina wochokera ku Phalombe, akazi ake akulandira chithandizo kuchipatala chachikulu, akufuna pokhala kwa kanthawi kochepa. Ndinati Mulungu wandiona.

Mnzangayo anandikoka mkono. "Koma uwauze asiye dipoziti, wamva? Chikole. Anthu suwadziwa awa. Chikaonongeka china udzagwira mtengo wanji?"

"Ndamva," ndinatero.

Anafika masana pa kabaza, a Namathanga ndi akazi awo. Mayiyo anali atatha thupi, khosi ngati la nkhuku yonyowa. Anangotsika n'kukhala pakhonde, akupumira m'mwamba. A Namathanga anaona nyumba, anandipatsa lendi ya mwezi woyamba ndi manja awiri, kenako anaima, dzanja lili pa thumba la jekete.

"Pali chinanso, mayi?"

Mawu anali pakamwa penipeni. Ndinayang'ana mayi uja pakhonde, ndinayang'ana nsapato za bamboyo zomangidwa ndi waya. Manyazi anandigwira. Ndinadzifunsa kuti kodi ndine munthu wanji, wofunsa chikole kwa munthu amene akudwazika.

"Ayi, palibe. Tonse ndife anthu."

Ndinamva kukoma ponena mawu amenewo, ndisakubisireni. Ndinadziona ngati mkhristu weniweni.

Tsono abambo Mbewe anali ndi lamulo limene ankalibwereza mwezi ndi mwezi: nyumba yawo wa lendi asaikemo wa lendi mnzake. Wachibale akhoza kukhala, koma wolipira ayi. Tili chiimire pakhonde pomwepo anatulukira, wailesi ili m'manja.

"Amake Yankho, alendowa ndi a kuti?"

"Ndi achimwene anga awa, bambo. Abwera ndi alamu anga kuchipatala. Andisungira nyumba ndikapita kumudzi."

Anawapatsa moni. A Namathanga atangoyankha, aliyense akanadziwa kuti munthuyu ndi wa kummwera.

"Achimwene anu a ku Ntcheu amalankhula chonchi?"

"Bambo mmodzi, mayi osiyana. Malemu bambo athu anagwirako ntchito ku tiyi."

Ndinawanamizira bambo anga ali m'manda, munthu amene moyo wake wonse sanadutsepo pa Balaka. Abambo Mbewe anagwedeza mutu n'kubwerera. Ine ndinawanong'oneza a Namathanga kuti kuyambira lero muzinditchula achemwali, ndipo Yankho ndinamuuza kuti awa ndi amalume ako, aliyense akakufunsa.

Mwezi woyamba unatha bwino. Wachiwiri uli pakati, ndili kudimba matope mpaka m'mawondo, foni inalira. Anali abambo Mbewe.

"Amake Yankho, pepani kwambiri. Alamu anu atisiya."

Ndinaima ndikuganiza kuti alamu anga ati. Ndisanayankhe anapitiriza.

"Musadandaule, ndawauza kale amfumu, ndawauzanso a mpingo wanu. Anthu ayamba kusonkhana. Inu ingonyamukani."

Ndinafika ku Kawale mawa lake. Mipando yanga ili panja, azibambo akhala m'mbali mwa mpanda, nyimbo zikumveka kuchokera kumsewu. Amayi a mpingo wathu, anzanga amene ndinkaimba nawo, anandilandirira pageti, wina dzanja ili wina dzanja ili, n'kundilowetsa pabalaza panga pomwe ngati namfedwa. Anandikhazika pamphasa pakati. Onse akundiyang'ana, akudikira kuti ndiyambe. Mayi amene anamwalirayo ndinamuona kamodzi kokha, dzina lake loyamba sindinkalidziwa. Ndinalira, abale anga, ndinalira mokweza, koma ndinkadzilira ndekha.

Mukudziwa mmene maliro a m'tauni amakhalira ngati kwawo kwa munthu kuli kutali. Thupi lili kumotchale, anthu ali panyumba, ndipo sachoka mpaka galimoto itapezeka. Abale a ku Phalombe anaimba foni kuti iwo alibe kalikonse, chimanga sichinachite. A Namathanga anali atatheratu ndi matenda. Ndiye maso onse anatembenukira kwa ndani? Ndinamva mayi wina akunena kukhitchini kuti, "Aaa, sizivuta, achemwali awo alipo, ndi a bizinesi." A Namathanga anabwera n'kugwada pafupi nane, maso ali psuu.

"Achemwali, ndichite bwanji?"

Ena mukuti bwanji sunanene zoona pomwepo. Taganizani. Ndiimirire pakati pa siwa, pamaso pa alandilodi, amfumu ndi azimayi a mpingo, ndinene kuti anthuwa sindikuwadziwa, ndinkangowadyera lendi? Ndinatsegula kathumba ka mpamba. Bokosi, ufa, ndiwo, shuga, galimoto ya ku Phalombe. Chipepeso chimene anthu anasonkha chinathera pa nkhuni za tsiku loyamba. Mbatata imene ndinapikula inatsala kumudzi yosalipira thiransipoti, ina inawolera m'matumba.

Masiku anapitapo tikusaka ndalama ya galimoto, anthu ali pompo. Nkhuni zitatha, anyamata anayamba kuzula matabwa a mpanda, limodzi limodzi, kuyambira kuseri. Mpope unkangotuluka madzi osatsekedwa. Chimbudzi cha mabanja awiri chinalandira mudzi wonse mpaka chinadzaza, khoma lake limodzi n'kutitimira. Thupi litabwera, bokosi linakana kukhota pakhomo, ndiye anachotsa chitseko, felemu n'kuzuka pamodzi ndi njerwa. Poikapo bokosi anasowa, anakatenga tebulo la Yankho.

Galimoto itanyamuka ine sindinakwere, ndinati ndadwala. Pakhomo panatsala phulusa, mapepala a shuga ndi fungo.

Abambo Mbewe si munthu woipa. Anandipatsa sabata yopuma, kenako anandiitana n'kuyenda nane poloti yonse osalankhula, kundionetsa chilichonse ndi chala. Pomaliza anati, "Amake Yankho, maliro ndi a tonse, koma chimbudzi ndi changa. Muwauze achimwene anu akuthandizeni, tikonze." Ndinati chabwino. Foni ya a Namathanga inali itasiya kupezeka.

Ndikanapirira mwina tikanamvana. Koma tsiku lina akazi a abambo Mbewe anamupeza Yankho pampope n'kumufunsa kuti, "Amalume ako anayenda bwanji? Sakuimba?" Mwanayo anali atatopa. Anati, "Si amalume anga. Ankangochita lendi." Ine ndinali pakhonde, ndinamva. Ndinapita pomwepo n'kumumenya mbama pamaso pa anthu, ndowa n'kugubuduka. Mwana amene ndinali ndisanamumenyepo chibadwire, ndinamumenya chifukwa chonena zoona.

Kuchokera apo zinthu zinathamanga. Abambo Mbewe anati pakutha pa mwezi ndichoke, ndipo zoonongekazo ndilipirabe. Ndinapita kwa katapila kuti ndidzutse bizinesi, mbatata inatsika mtengo, katapila anabwera kudzanyamula matilesi, mipando ndi mapoto. Benchi langa pamsika anakhalapo wina. Tinasamukira ku Mgona, kachipinda kamodzi kopanda windo, denga lopsinja ndi miyala, ngalande ikudutsa pakhomo. Tulo tinkakana kubwera. Mayi woyandikana nafe ankatcheza kachasu, anandipatsa kakapu kamodzi kuti mutu uzizire. Unazizira ndithu. Posakhalitsa ndinkayamba ndi kakapu ndisanasukusule. Ndinkachita ganyu yosankha mtedza pamsika wa Mgona, ndalama yake osafika nayo kunyumba. Yankho ankabwera kusukulu n'kupeza mbaula yozizira, amake ali gone pansi dzuwa likuswa mtengo.

Akulu anga enieni, a bere limodzi, amakhala ku Area 23. Anamva. Anabwera Loweruka lina atavala bwino, anaima pakhomo osalowa, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Nangondo, mwanayu ndikumutenga."

"Mwana wanga sapita kulikonse."

"Yankho, longedza."

Ndinkayembekeza kuti mwanayo alira, agwira chitenje changa. Analongedza msanga kuposa mmene ndinkaganizira. Potuluka anati, "Tsalani bwino, amayi," ngati akutsanzika mayi wa pagolosale. Pansi pa mphasa anaiwala nsapato zake za kusukulu. Ndikuuzeni pamene ndinafika, kuti wina asaganize kuti iye yekha ndiye wafika pansi: nsapatozo ndinazigulitsa tsiku lomwelo, ndalama yake ndinamwera.

Nthawi yonseyi ine sindinkadziona wolakwa. Wolakwa anali a Namathanga. Ndikamwa ndinkawatukwana mokweza, ana a ku Mgona mpaka analidziwa dzinalo, ankandikuwiza nalo ndikamadutsa. Ndinkati munthu uja anandidyera chifundo changa, anandisiyira maliro ake n'kuthawa. Mkwiyo umenewo ndi umene unkandidzutsa m'mawa. Tsiku lina ndinakumana ndi dalaivala amene ananyamula maliro aja, anandilongosolera njira ya kumudzi kwawo. Ndinasunga ya mtedza kwa masabata angapo, chinthu chimene ndinkalephera kuchitira mwana wanga, n'kukwera basi. Ndinkapita kukatukwana, ndi kukatenga chilichonse chimene ndikapeze, kaya mbuzi kaya malata.

Apa ndiye ndifotokoze pang'onopang'ono.

Ndinafika masana, fumbi thupi lonse, kabotolo kali m'chikwama. Nditangofunsa nyumba ya a Namathanga ndi kunena kumene ndachokera, mayi amene ndinamufunsayo anaponya mtolo wa nkhuni pansi n'kuyamba kufuula kuti, "Abwera! Abwera achemwali a ku Lilongwe aja!" Anthu anatuluka m'nyumba. Anandilandira chikwama, anandiyalira mkeka watsopano. Amake a malemu aja, munthu wamkulu woti ndi mayi anga, anabwera chokwawa n'kundigwira mapazi. Anati, "Mwana wanga akanaikidwa kuchilendo ngati galu. Inu munamubweretsa kwawo." Anapha nkhuku, ndipo nditayang'ana pabwalo ndinaona kuti nkhukuzo zinalipo ziwiri zokha. Ndinadya matukwana ali pakhosi.

A Namathanga anali ataonda kuposa kale. Nyumba yawo inali ya udzu, mbuzi panalibe, khola lili pululu. Anthu atabalalika tinatsala awiri kuseri kwa nyumba, iwo akusola nandolo m'lichero. Ndinayamba. Ndinawauza za mpanda, za chimbudzi, za katapila, za Mgona, za mwana wanga. Mawu ankakwera. Iwo sanasiye kusola, koma ankamva.

Nditamaliza anati, "Achemwali..."

"Musanditchule achemwali! Si ine mlongo wanu!"

Anaika lichero pansi.

"Chabwino, mayi. Zimene mwanenazi zandipweteka, sindinkadziwa. Foni ndinagulitsa pa sadaka. Koma ndikufunseni. Tsiku lija ndinabwera, ndinakufunsani kuti pali chinanso. Mukukumbuka?"

Ndinati ndikukumbuka.

"Ndisananyamuke kuno, anthu odziwa tauni anandiuza kuti kumeneko nyumba salowa ndi lendi yokha, amafuna dipoziti. Ndiye ndinagulitsa mbuzi zanga ndi njinga. Ndalamazo ndinaziika padera, m'thumba la jekete, kuti zisasakanikirane ndi za mankhwala. Ndinaima pakhonde panu dzanja lili pomwepo, ndikudikira kuti mutchule. Inu munati palibe."

Ine ndinafunsa:

"Ndiye zinapita kuti?"

"Mutachoka, kuwodi kunkabwera munthu wina wogulitsa madzi opempherera. Mayi akulira ndi ululu, ndalama zili m'thumba, mukanakhala inu mukanatani? Ndinagula, ndinagulanso, mpaka zinatha. Zikanakhala m'manja mwanu bwenzi zilipo." Kenako anati, "Za ubalezo, mayi, munayambitsa ndinu. Ine ndinabwera kudzachita lendi."

Sanakweze mawu. Anatolanso lichero lawo.

Ndinakhala pamenepo ndikuyang'ana makoko a nandolo. Ndalama imene ankanenayo sikanakwanira zonse, ayi. Koma ikanakumba chimbudzi, ikanabwezera mpanda ndi chitseko, ndipo abambo Mbewe sakanandiona ngati munthu wongowaonongera. Koma chimene chinandilasa kwambiri n'chakuti, kuti ndifunse chikole, ndikanayenera kunena poyera kuti ine ndi munthu uyu ndife ndani: uyu wa lendi, ine womubwereka nyumba ya eni ake. Ndinathawa mawu amenewo chifukwa ndinkafuna ziwiri nthawi imodzi, ndalama ya lendi ndi dzina la munthu wachifundo. Chimene ndinkachitcha chifundo chija anali mantha, kuopa kuoneka wouma mtima kwa kamphindi kochepa. Ndipo sichinathandize ngakhale wodwalayo, chinangonenepetsa wogulitsa madzi.

Ndinalira kuseri kwa nyumba ija, ndipo ulendo uno palibe amene ankadikira kuti ndilire.

Pobwerera anandisenzetsa thumba la nandolo, mudzi wonse unasonkha. Sindinama kuti kabotolo kaja ndinakataya. Ndinamwa m'basi, konse. Koma sikanagwire. Mowa wanga unkayendera kutukwana a Namathanga, tsono wotukwana panalibenso. Ndinafika ku Lilongwe mutu uli mbee, ndikudziona bwinobwino, ndipo zimene ndinkaonazo sizinali zokoma.

Kubwerera kunali kwa pang'onopang'ono, ndipo kunalibe chozizwitsa. Nandolo uja ndinagulitsa pa mbale pa mbale, ndalama yake sindinagone nayo. Ndinakaipereka kwa mayi wina wa banki mkhonde n'kumuuza kuti ngakhale ndibwere ndikulira, ngakhale ndinene kuti kwagwa maliro, musandipatse popanda anzanu a bankiyo. Ndinabweradi ndikulira kawiri konse, anandibweza. Ndinasamuka pafupi ndi mayi wa kachasu uja, chifukwa munthu sungasiye mowa fungo lake likulowa pansi pa chitseko. Ndinagwa kangapo, ndinadzukanso. Gulu lino ndinalipeza nthawi imeneyo, ena muno mukukumbuka mmene ndinkanunkhira.

Chovuta kwambiri chinali kupita kwa abambo Mbewe. Ndinagwada pakhonde pawo n'kunena kuti ndinakunamizani, bambo, ndipo ndabwera kuti ndiyambe kulipira. Anati, "Mukanabwera kudzandiuza zoona tsiku lija, mwina ndikanakana, mwina ndikanalola. Koma munandisandutsa chitsiru pamaso pa amfumu." Anavomera kuti ndizipereka pang'onopang'ono, nthawi zina ndalama, nthawi zina ndowa ya mbatata. Ndinamaliza. Nyumba sanandibwezere, ndipo sindinapemphe.

Pano ndili ku Chilinde, zipinda ziwiri, kwa mayi wina wamasiye. Mbatata ndinayambiranso. Nyengo yokumba itafika chaka chathachi, funso lomwe lija linabweranso: nditseke nyumba ndizilipirira makoswe, kapena ndiikemo munthu? Ndinayamba ndi kugogoda kwa eni nyumba. Ndinati ndichokapo kwa kanthawi, ndikufuna kuikamo munthu wolipira, si m'bale wanga, mukuti bwanji? Anati ndimuone kaye munthuyo.

Munthuyo anali mayi wa mumpingo mwathu momwe, nyumba yake inali isanathe kumangidwa. Tinakhala atatu pakhonde. Ndinkadziona ngati ndikukaba. Ndinati, "Amayi, kupatula lendi, musiya dipoziti yofanana ndi mwezi umodzi. Sindisunga ine, asunga eni nyumbawa. Mukamatuluka, ngati zonse zili bwino, mutenga yonse."

Nkhope inagwa. "Amake Yankho, timadyera limodzi mgonero, lero mukundiyesa wakuba?"

"Ayi. Amene anandigwetsa ine sanabe ngakhale supuni. Ndikufuna kuti chikachitika china, ine ndi inu tidzathe kupatsanabe moni."

Anang'ung'udza, anati aganize, anapita. Mawa lake anabwera nayo. Tinayenda atatu nyumba yonse, chitseko, mawindo, mpope, mita ya magetsi, tikujambula pafoni. Ndinawafunsanso funso limene anthu amaliopa ngati kulosera: kwanu n'kuti, ndipo mutadwala kapena kutagwa zovuta m'nyumba muno, tiimbire ndani, adzasenze ndani? Anaseka mowawidwa, koma anatchula. Nditabwerako ndinapeza galasi limodzi la windo losweka. Tinachotsapo ya galasilo, yotsalayo anawerengeredwa m'manja pamaso pa eni nyumba. Lamulungu lapitali tinakhala benchi limodzi.

Ndiye inu amene mukuganiza zoikamo munthu m'nyumba ya eni ake, kaya mukupita kukakolola, kaya kukadwazika, kaya mwapeza ganyu kutali, musamutche m'bale munthu amene si m'bale wanu. Kuno kwathu ubale si mawu ongonena, ukautchula umabwera ndi bokosi lake. Ndipo funsani chikole tsiku loyamba, munthuyo ali chiimire, ali ndi mphamvu zokwiya. Mukachita manyazi tsiku limenelo, mudzakafunsa tsiku lina kwa munthu amene waferedwa, ndipo pamenepo palibe chimene mudzatenge.

Ena mukudikira kuti ndinene kuti zonse zinabwerera mwakale, tiimbe nyimbo. Ndikanakonda.

Nditakhazikika ku Chilinde ndinapita ku Area 23. Ndinanyamula shuga ndi buledi ngati mlendo. Akulu anga anati, "Ine sindikaniza, mufunse mwini wake, wakula." Yankho anali akusita yunifolomu pabalaza. Watalika kundiposa, chaka chino alemba mayeso omaliza. Anandipatsa moni atagwada, mwaulemu wake wonse, ulemu umene umapweteka kuposa chipongwe.

"Yankho, nyumba ndapeza. Chipinda chako chilipo. Mowa ndinasiya."

Anapitiriza kusita kolala.

"Eni nyumbawo mwawauza kuti ndine ndani?"

"Ndawauza kuti ndiwe mwana wanga."

"Palibe china chimene ndikuyenera kukanena ndikafika?"

"Palibe."

Anaimika simbi. "Ndibwera, amayi. Koma chikwama changa chitsala kuno, ndi mabuku ena, ndi bulangete. Zikakavutanso ndisadzasowe kobwerera."

Mawu anafika pakamwa, omwe aja anandiuza mayi wa mumpingo: ukundiyesa chiyani ine, mayi ako? Ndinawameza. Ndinati, "Chabwino, mwanawe. Wachita bwino."

Anabwera ndi jumbo imodzi. Akugona m'chipinda chake, amadya zimene ndaphika, amandithandiza kusankha mbatata Loweruka. Ndikachedwa kumsika, ndikamalowa amandipatsa moni ataima pafupi kwambiri, ndipo ndimadziwa kuti akununkhiza. Lachisanu lililonse amadzera ku Area 23 kukasintha mabuku. Papita miyezi tsopano, sindinalawe dontho, ndipo chikwamacho sichinabwere. Sindinamufunse, ndipo sindidzamufunsa.

Mukamandipempherera musatchule za mowa zokha. Mwana wanga akukhala m'nyumba mwanga ngati munthu wongodutsa, ndipo ine ndilibe pakamwa pomuuzira kuti akulakwitsa.